Chithunzi cha Tchanelo cha Kutsidya

Izi sindinauzepo munthu. Mwana wanga wamkazi, amene anandiphunzitsa ntchito ndikunenayi, amangodziwa mbali ya mabatani. Anzanga akale onyamula katundu ku Likhubula amadziwa kuti nkhalamba ija masiku ano imalowa m'kachipinda ka kompyuta, ndipo amaseka. Zotsalazo ndakhala nazo ndekha. Ndikulemba pang'onopang'ono, chifukwa cholembera ndinachigwira mochedwa, ndevu zitayamba kale kuchita mawanga.

Ndimagwira ntchito pa loji ina yaing'ono m'munsi mwa phiri. Mawondo atakana kukwera nsonga ya Chambe ndi zikwama za alendo, mwini lojiyo anandipatsa tsache, khasu la maluwa ndi makiyi, komanso kanyumba kuseri kwa khitchini. Mmenemo ndimo timakhala ine ndi akazi anga.

Iwo si a kuno. Anawoloka Muloza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ali mtsikana, atamanga kapulana imodzi, chitenje cha kwawo, m'chiuno, ina atakulungiramo zonse zimene anali nazo. Ndinawaona koyamba pa Chitakale akugulitsa nkhuni. Chichewa chawo chinali chokhota, ndipo ndinagula mtolo umene sindinkaufuna kuti ndingowamva akutchulanso mtengo wake.

Takalamba limodzi. Chaka china m'nyengo ya chiperoni anagwa pakhonde akupeta nandolo, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanzere inafooka. Mawu anabwerera, koma sanabwerere mmene anachokera. Chichewa chinayamba kuchepa mkamwa mwawo, Chilomwe cha ubwana wawo n'kumadzaza malowo, ndi timawu ta Chipwitikizi apa ndi apo. Ndikawapatsa madzi amathokoza kuti obirigada. Zakale zonse zili m'malo mwake. Amadziwa mtundu wa nkhuku imene amayi awo anapha tsiku limene anatha msinkhu. Koma chimene mwawauza m'mawa, pofika masana chapita ngati nkhungu ya pa mtsinje.

Mwana wathu wotsiriza anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo ndi kumene amagwira ntchito. Mwini loji atatopa ndi madandaulo a alendo pa nkhani ya ma TV a m'zipinda, anamuitana. Anabwera ndi kakompyuta kosaposa buledi, n'kukaika pa shelefu m'kachipinda kosungira mabulangete. Anati dzina lake ndi seva.

"Ababa, muziganiza kuti ndi thanki ya madzi," anatero. "Matchanelo onse, a pa dishi ndi a pa intaneti, akuthiridwa muno. Zipinda zija ndi mipopi."

"Ndiye ikaphulika tinyowa ndi mpira?"

"Inu mudzanyowa ndi nkhani za ndale, zikuyenerani."

Popeza kanyumba kathu kali pafupi, anapempha mwini loji kuti mpopi umodzi ufike kwa amayi ake. Anatipachikira TV yakale pakhoma, ndi kabokosi kakuda kumbuyo kwake. Pakati pa matchanelo onsewo panali china cha kutsidya kwa malire. Masana chinkaimba nyimbo za kumeneko, ndipo nthawi zina pankabwera mayi wowerenga nkhani m'chilankhulo cha kwawo kwa akazi anga. Tsiku loyamba kumva mayiyo akupereka moni, iwo anawongoka pampando, anakonza duku ndi dzanja lawo labwino, n'kuyankha moniwo mokweza ngati mlendo waima pakhomo. Madzulo amenewo anadya bwino. Anayankhulanso zambiri, ndipo zina ndinazimva.

Vuto linali magetsi. Kuno amazima mmene afunira. Akayakanso, TV inkadzuka itaiwala pamene inali, n'kuonetsa timabokosi totuwa tambirimbiri tondondozana, tonse tofanana, kalikonse kali ndi dzina la zilembo zazing'ono pansi pake. Akazi anga sawerenga. Ankadina batani lapakati pa kabokosi koyamba, ndipo ndikabwera kuchokera ku maluwa ndinkawapeza akuyang'ana azibambo a masuti akukangana m'Chingerezi. Ankangokhala, rimoti ili pamwendo, nkhope itagwa ngati ya munthu amene basi yamusiya. Tsiku lotere sankafuna kudya. Ankandifunsa kuti anthu aja apita kuti.

Ndinamuuza mwana asanabwerere ku tauni.

"N'chifukwa choti sindinaike malogo," anatero. "Tizithunzi tija ta tchanelo chilichonse. Amayi akaona chithunzi adziwa. Koma ine Lolemba ndili pa ntchito. Muika ndinu."

"Ine?"

"Nanga sukulu ya kwacha ija munapitiranji? Kuti muziwerenga zikwangwani za maliro basi?"

Anandikhazika pa mpando wa pulasitiki pakati pa mabulangete. Pa sikirini panali mndandanda wa matchanelo, ndipo pambali pa dzina lililonse panali kampata kopanda kanthu. Anandionetsa foda imene anasungamo tizithunzi timene anakopera pa intaneti. Ntchito yanga inali kutsegula tchanelo, kuona kachizindikiro kamene kamakhala pakona, kukafunafuna mufodamo, kukapatsa dzina lofanana ndi la tchanelocho, kenako kuuza seva pa kampata kaja kumene chithunzicho chili, n'kudina kuti isunge. Mausi inkandithawa m'dzanja. Iye ankagwira dzanja langa ndi lake, monga mmene ndinkagwirira lake powoloka Likhubula madzi atadzaza.

"Musakanikize ngati mukupha nsikidzi, ababa. Kungokhudza."

Lamlungu masana anakwera minibasi, ndipo ndinatsala ndi thanki yangayo.

Ntchito imeneyi sinali yachilendo mmene ndinkaopera. Theka la moyo wanga ndakhala ndikuyendera zizindikiro. Sopo ndinkamudziwa ndi mtundu wa pepala lake, basi ndi mzere wa m'mbali mwake, matabwa a mkungudza ndi kamtanda kamene wocheka aliyense ankalemba ndi khala kumapeto kwake. Nthawi imene tinafunsidwa ngati tikufuna zipani zambiri, sindinawerenge chilembo chilichonse. Ndinayang'ana nyali. Pambuyo pake mpamene ndinayamba kupita ku sukulu ya kwacha, m'katchalitchi ka udzu, ndikatsika kuphiri. Akazi anga nawonso ankafuna. Ndinati ndiyambe ine, iwo adzayamba ana akakula. Ana anakula.

Masana aliwonse, ndikatha kuthirira, ndinkalowa m'kachipindamo. Munali fungo la sopo wochapira ndi fumbi lofunda. Seva inkalira pansipansi ngati njuchi zili mu mphako, ndipo kanyali kake kobiriwira kankaphethira. Kunja chiperoni chinkatsika, chikumeza kaye mutu wa Chambe, kenako mitengo ya paini, kenako mpanda wa loji, mpaka pawindo pankatsala poyera pokhapokha. Ndiye ine ndinkatola tizithunzi kamodzikamodzi. Ka nkhunda, ka tchanelo cha mapemphero. Ka mpira woyaka moto. Ka diso. Ka mpira wa dziko lapansi wozunguliridwa ndi lamba wofiira. Mwana anandiuza kuti tizithunzi tabwino ndi timene kumbuyo kwake kulibe kanthu, toonekera ngati galasi, kuti tikhale bwino pa mtundu uliwonse. Ndinkaganiza za zimenezi nthawi yaitali, chinthu chokhala ndi nkhope koma chopanda msana.

Nthawi zina tulo tinkandiba pampandopo. Ndinkalota ndikukwera njira ya ku Chambe, chikwama changa chitadzaza nkhunda, maso ndi mipira yoyaka, zonse zopepuka ngati masamba. Pa khomo lililonse la m'nkhungu ndinkasiya chimodzi, ndipo khomolo linkatseguka, mkati mukumveka anthu akuyankhula. Akuluakulu ankatiuza kuti paphiripo mizimu imasiyira wapaulendo chakudya, ndipo ukachipeza umadya wekha osaitana mnzako. M'malotomo ine ndinali wosiya chakudyayo. Ndinkadzuka mausi ili m'dzanja, malovu ali pa kolala.

Timabokosi totuwa tinayamba kuchepa pa TV ya kwathu. Akazi anga anaigwira njira yake msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Chala chawo chachikulu chinkayenda pa rimoti, akutchula chimene aona.

"Nkhunda, kutchalitchi. Mpira, kwa amisala anu aja. Diso ili likundiyang'aniranji?"

"Ndi la mafilimu, mayi."

"Lichotseni, ndi la ufiti."

Nkhunda sanaiiwale, mpira sanauiwale, chifukwa zimenezi anazidziwa kale asanadwale. Koma tchanelo cha kutsidya chija chinalibe chithunzi mufoda. Ndinaifufuza kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso. Chinatsala chotuwa pamodzi ndi tina tingapo ta kumapeto timene palibe ankationera, ndipo magetsi akazima akazi anga ankasocherabe pakati pa timeneto.

Ndinaimbira mwana.

"Palibe amene anachipanga, ababa, ndi katchanelo kakang'ono. Koma seva sisankha. Chithunzi chilichonse itenga. Jambulani nokha pa pepala, mbali zonse zikhale zofanana kutalika, mizere yokhuthala kuti amayi aone. Mukatha muchijambule ndi foni n'kuchiponya mufoda. Dzina mukudziwa kale kapatsidwe kake."

"Ndijambule chiyani?"

"Chilichonse chowakumbutsa kwawo. Mwakhala nawo zaka zonsezi, mukundifunsa ine?"

Funso limenelo linandikhala pachifuwa. Kwawo kwa akazi anga sindinapondeko. Mwambo wathu ndi wawo ndi umodzi: mwamuna amapita kukamanga kwa mkazi, kukalima munda wa apongozi, ana n'kukulira pakati pa amalume awo. Ine ndinakwatira nthawi imene kwawoko kunali kukuyaka moto, ndiye panalibe wondifunsa. Anzanga onyamula katundu ankati ndine mkamwini wamwayi, wopanda apongozi omutuma. Mtendere utabwera, magalimoto akutenga anthu kubwerera kwawo, mlongo wawo wamwamuna anabwera kudzakhala pakhonde pathu. Anati, alamu, munda wa mlongo wanga ukumera tchire, amayi akufunsa. Ndinayankha kuti chaka chamawa, popeza alendo a kuphiri anali atayamba kuchuluka ndipo sukulu ndinali nditangoiyamba. Anabweranso. Ndinayankha chimodzimodzi. Apongozi atamwalira, akazi anga anapita okha ku maliro, mwana ali kumsana, ine ndili pamwamba ndi alendo. Atabwerako sananenepo kanthu, ndipo kusanena kwawoko ndakhala ndikukumva mpaka lero.

Komabe ndinadziuza kuti chinthu chimodzi ndikuchidziwa. Nthawi zonse akamakamba za ubwana wawo, phiri limakhalamo. Ankati pabwalo la amayi awo unkaliona lonse. Phirilo ndi lomweli. Ndiponso phiri palibe angandiphunzitse. Ndinabwereka makrayoni amene ana a alendo anasiya pa loji, ndinadula katoni yoyera mbali zofanana, ndinakhala pa mwala wa kuseri kwa thanki ya madzi ya pa loji tsiku limene kunayera. Ndinajambula Chambe mmene ndamuonera m'mawa uliwonse wa moyo wanga: khoma lalitali la mwala wotuwa, mizere yakuda ya madzi ikutsika pankhope pake, mng'alu uja wopendekera, nkhalango yobiriwira kumapazi. Pamwamba pa phewa lake ndinaika dzuwa lachikasu likutuluka. Mayi wophika pa loji anadutsa ndi beseni, anaima, anati, "Agogo, mukanayamba kale bwenzi mukugulitsa kwa azungu." Ndinamva kukoma.

Ndinachijambula ndi foni, ndinachiponya mufoda, ndinachipatsa dzina, ndinauza seva, ndinadina. Ndinathamangira kunyumba mmene mawondo analolera. Kabokosi kanali kotuwabe. Ndinabwerera, ndinayang'ana zonse, zinali bwino. Kunyumba, kotuwabe.

Mwana anaseka pa foni. "Simunalakwitse. Kabokosi ka kuseri kwa TV kamasunga zimene kanaona koyamba, kuti kasamafunse seva nthawi zonse. Kakukumbukira zakale. Pitani pa zokonzera, pali mawu oti kafufute zimene kasunga, kenako mukazimitse n'kukayatsanso."

"Ndiye kakafufuta kaiwala zonse?"

"Kafunsanso kwa seva, ababa. Si munthu."

Ndinachita zimenezo. TV itayaka, phiri langa linali pamenepo, pakati pa mpira woyaka ndi mpira wa dziko, laling'ono ngati bokosi la machesi, dzuwa lake likuwala. Ndinagwada pambali pa mpando wa akazi anga.

"Mayi, mwaona apa? Mukaona phiri, dinani. Ndiko kwanu."

Anayang'ana, anagwedeza mutu, anadina. Nyimbo za kutsidya zinadzaza m'nyumba. Ndinapita kukatseka geti mtima uli m'malo.

Mawa lake magetsi anazima chakumasana. Nditabwera ndinawapeza ali ndi azibambo a masuti aja. Ndinawaonetsanso phirilo, anagwedezanso mutu. Tsiku lotsatira ndinawapeza pa tchanelo cha nkhunda, m'busa akufuula, iwo akuyang'ana pansi. Ndinaganiza kuti mwina chithunzi chachepa, ndiye ndinakakhuthalitsa mizere, ndinakuza dzuwa, ndinabwereza ntchito yonse mpaka kufufuta kuja. Sizinasinthe kanthu.

Tsiku lina magetsi atabwera ndinasiya khasu, ndinakaima pakhomo mwakachetechete kuti ndione. Kunali kamvula kopyapyala, ndipo m'nyumba kuwala kunkachokera pa TV pokha. Chala chawo chinkayenda. Nkhunda. Mpira. Anafika pa phiri, anaima pang'ono, n'kupitirira. Anakafika ku timabokosi totuwa ta kumapeto, n'kumadina kamodzikamodzi, kumvetsera, kutuluka, kudinanso kena.

"Mwalidutsa, mayi," ndinatero.

Anatembenuka. "Chiyani?"

"Phiri. Ndi pamene pali anthu a kwanu."

Anabweza chala mpaka pa chithunzicho, anachiyang'anitsitsa ndi diso lawo labwino.

"Ili ndi phiri la kwanu, bambo. Ndimayesa ndi za alendo a pa loji."

"Phiri ndi limodzi lomweli. Kwanu ndi kuseri kwake basi."

"Inu," anatero, akuseka pang'ono ndi mbali imodzi ya pakamwa, "munthu mukamuona kumaso ndi kumsana amafanana?"

Ndinakhala pansi pa mkeka. Iwo anayamba kuyankhula, Chichewa ndi Chilomwe zikulowana, ndipo sankayang'ananso ine. Anati phiri la kwawo lilibe khoma. Silikuimira pamutu ngati wapolisi. Lili patali, lalitali chogona, la mtundu wa utsi, ngati ng'ombe yaikulu yagona pansi itatembenuzira mutu uko. Lili ndi nsonga zingapo, ina yopindika. Anati m'mawa limayera lonse chifukwa dzuwa limalimenya kumaso, ndipo mitsinje yake imaoneka ngati ulusi. Amayi awo ankayang'ana kumeneko kuti adziwe ngati ayanike chinangwa.

"Ndiye dzuwa ili mwaliika apali," anatero akuloza ndi rimoti, "likutuluka kapena likulowa?"

"Likutuluka."

"Mwaona. Kwanu kuno dzuwa limatuluka m'phiri. Kwathu limakalowa m'phiri. Likafika pa nsana pa ng'ombe paja, amayi amati tsekerani mbuzi."

Anati amati, osati ankati.

Zaka zonse zimene ndakwera phirilo, ndagona pamwamba pake, ndadutsa m'zigwa zake mu nkhungu yoti suona dzanja lako, sindinaganizepo kuti kuli anthu amene dzuwa lawo limakathera kumene langa limayambira. Ndinkadziwa, monga munthu amadziwira kuti nyanja ili kwinakwake. Koma mkazi amene ndagona naye mphasa imodzi ankadzuka m'mawa uliwonse, kutuluka panja, n'kuona phiri lake litatembenuka, ndipo ine ndinali ndisanamufunsepo.

Ndinabweretsa katoni ina ndi krayoni. Ndinaika m'dzanja lawo lamanja kuti ajambule okha. Dzanjalo silinagwirepo cholembera. Mzere unanjenjemera, unatsetsereka, unatuluka kunja kwa katoni. Anataya krayoniyo pansi.

"Musandivutitse ngati mwana wa sukulu."

Kenako anagwira mkono wanga, anautembenuza, n'kuyendetsa chala chawo kuchokera pa chigongono kutsika ku dzanja, chikukwera, chikutsika, chikuima, chikukweranso. Ndinatseka maso kuti ndiusunge mzerewo. Khungu linaumva bwino lomwe. Koma nditatenga krayoni, chimene chinatuluka chinali Chambe yemweyo atangogona chammbali. Dzanja langa limadziwa phiri limodzi.

Ndinawatsegulira tchanelo chawo, ndinatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinaimbira mwana. Sindinamuuze zonse. Ndinangoti amayi ako akuti phirilo si la kwawo, kodi pa intaneti palibe chithunzi cha mbali inayo? Anafufuza ndili pa foni pomwepo. Ndinkamva zala zake zikugogoda.

"Zonse ndi za mbali ya kuno, ababa. Minda ya tiyi, Chambe, dziwe lija la mathithi. Ojambula amaima pamene pali msewu wabwino. Bwanji mungoika mbendera ya dziko lawo?"

"Mbendera anaithawa."

Mwana anati, "Ndiye jambulani mbuzi, kapena chinangwa."

"Mbuzi zili paliponse."

"Ababa, ndi kachithunzi chabe. Musadwale nako."

Ndinati chabwino. Chiperoni chinali chitayamba kunyamuka, ndipo mutu wa Chambe unatulukira pamwamba pa mitambo wokhawokha, wopanda thupi, ukuyandama. M'nyumba mayi wowerenga nkhani uja ankayankhula, ndipo akazi anga ankamuyankha, akumufunsa za mvula. Ndinalowa, ndinakhala pambali pawo mpaka nkhanizo zinatha. Kenako ndinawafunsa njira. Imeneyo anainena mosakayika, ngati anayendamo dzulo: ukawoloka mlatho, udutse tauni, utenge msewu wa dothi wa kudzanja lamanja, upite mpaka pa mtsinje wa miyala yofiira, ukwere kamtunda. Sanandifunse chifukwa chimene ndikufunsira. Anangowonjezera kuti galu wa pa nyumba yoyamba amaluma.

M'mawa mwake ndinawakonzera tiyi, ndinawatsegulira tchanelo chawo, ndinapempha mayi wophika kuti magetsi akazima akawasuzumire. Makiyi ndinasiya kwa mlonda. M'thumba la jekete ndinaika chitupa changa, makrayoni ndi makatoni odula mbali zofanana. Ndinakwera njinga ya kabaza mpaka pa Chitakale, n'kulowa minibasi ya ku Muloza. Kondakitala anandiyang'ana nsapato za kutchalitchi n'kufunsa ngati ndikukafunsira mbeta kutsidya. Ndinati ndikupita kwa apongozi. Anthu anaseka.

Msewu unadutsa m'minda ya tiyi, phiri lili kumanzere, ndipo ndinkaliona likusintha pang'onopang'ono pawindo, mapewa amene ndimawadziwa akubisala, ena achilendo akutuluka. Titadutsa Limbuli ndinasiya kuliyang'ana dala. Pa malire anandipatsa chiphaso cha tsiku limodzi. Ndinawoloka mlatho wapansi, pakati pa amayi osenza matumba ndi anyamata okankha njinga za chimanga. Msilikali wina anandipatsa moni wa m'mawa kuti bondiya, ndinayankha mmene ndimamvera akazi anga akuyankhira.

Ndinadutsa tauni, ndinatenga msewu wa dothi, phiri lili kumsana kwanga. Mawondo ankadandaula koma ndinayendabe. Mtsinje wa miyala yofiira unalipo. Pa kamtunda panali minda ya chinangwa ndi nyumba za malata zimene akazi anga sanazionepo. Ndinapempha mayi wina amene ankasesa pabwalo kuti ndikhale pa chulu cha m'mphepete mwa munda wake. Anandiyang'ana, anayang'ana nsapato zanga, anavomera ndi mutu.

Ndinakwera pachulupo, ndinakhala pansi, ndinaika katoni pa bondo. Kenako ndinakweza maso. Linali patali, la mtundu wa utsi, litagona, dzuwa la m'mawa likulimenya kumaso. Ndinasankha krayoni ya buluu, n'kuyamba mzere kuchokera kumene kunali mutu wa ng'ombe.